Zhaodi Wopulumutsa Akazi a M'mabuku

Ruan Zhaodi anabadwa m'chaka cha 1886 ku Lingtang, katauni ka m'mbali mwa ngalande komwe bwato lochokera ku Suzhou linkaima kawiri pa sabata. Anali mwana wachinayi, ndipo anayi onsewo anali aakazi. Bambo ake, ogulitsa mankhwala azitsamba, atamva kuti ndi mtsikananso anangopukusa mutu n'kunena kuti, "Ameneyu akhale Zhaodi," dzina lotanthauza kuti aitane mlongo wake. Mwanayo anagwiradi ntchito imene anamupatsa, chifukwa patangopita zaka ziwiri kunabadwa mnyamata. Kuchokera pamenepo maso onse analunjika kwa mnyamatayo, ndipo Zhaodi anakula mopanda womulondalonda.

Atakwana zaka zisanu ndi chimodzi anamumanga mapazi ndi nsalu kuti akhale aang'ono, monga ankachitira atsikana onse. Analira miyezi itatu. Mayi ake atatopa ndi phokoso, anayamba kumamunyamula m'mawa uliwonse n'kukamukhazika pampando m'sitolo ya bambo ake. Khoma lonse la kumbuyo kwa sitoloyo linali timabokosi ta mankhwala, toposa mazana awiri, kalikonse ndi dzina lake lolembedwa ndi inki yakuda. Mwana wosatha kuyenda analibe chochita china koma kupenya. Bambo ake akatchula mankhwala, iye ankatsata dzanja lawo ndi maso mpaka pa kabokosi, n'kusunga mumtima maonekedwe a chilembocho.

Tsiku lina, ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, bambo ake ali pa macheza ndi wogula anatambasulira dzanja pa kabokosi kolakwika.

"Bambo, si kameneko. Ako ndi ka mankhwala otsegula m'mimba. Munthuyu wabwerera chifuwa."

Bambowo anayang'ana kabokosi, n'kuyang'ana mwana. "Wakuuza ndani?"

"Kabokosiko."

Bambo ake anaseka mpaka kukhosomola. Madzulo ake anamupatsa buku lakale la masiku abwino ndi oipa, lothothoka masamba, n'kumulangiza kuti, "Uziwerenga, koma usamaonetsere. Anthu akadziwa, udzakalambira pakhomo pano."

Sanakalambire pakhomopo. Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri anamunyamula pa mpando wofiira wa ukwati kupita naye kwa a Kuang, onyika nsalu a kutsidya la mlatho. Mwamuna wake, Shouren, anali munthu wamtali wa mawu ochepa, manja ake obiriwira ndi utoto mpaka m'zigongono. Amene ankalankhulira nyumba yonse anali mayi ake, a Mayi Kuang, mkazi wamasiye wojintcha, wa mawu omveka kutsidya, amene pakamwa pawo sipankasowa nthangala za mavwende.

Zhaodi anabisa luso lakelo kwa mwezi umodzi wokha. Tsiku lina apongozi akewo anamupeza kukhitchini ali duu, maso pa pepala limene anakulungira nsomba zamchere, milomo ikuyenda.

"Iwe! Ukunong'oneza nsomba?"

Zhaodi anabisa pepalalo kumbuyo.

"Tabweretsa. Umatha zimenezi? Tawerenga ndimve."

Anawerenga. Inali nkhani ya mtsikana amene anabedwa ndi achifwamba, koma pepalalo linang'ambikira pakati.

"Ndiye kenako?"

"Yathera pomwepo, Amayi. Kwinako kwapita ndi nsomba za anthu ena."

"Ha! Mwana wanga wanditolera chinthu osadziwa!" A Mayi Kuang anaomba m'manja. Iwo ankakonda nthano kuposa chakudya, koma ankazimva kawiri kokha pa chaka, akabwera wakhungu woimba nthano pa chikondwerero. Tsiku lomwelo anatuma Shouren kukabwereka mabuku kwa munthu wobwereketsa pafupi ndi doko.

Umu ndi mmene anayambira macheza a masana pabwalo la a Kuang. Akatha kudya, akazi a mumsewumo ankabwera ndi timipando tawo ndi nsapato zopeta, wina ndi mwana kumsana, n'kukhala pansi pa nsalu zoyanikidwa. Zhaodi ankakhala pakati n'kumawerenga, akusintha mawu, apa a nduna, apa a mtsikana wantchito. Makoko a nthangala ankachita mbwee pansi.

Zaka ziwiri zoyamba ankawerenga zimene zalembedwa. Koma pang'ono ndi pang'ono chinthu china chinayamba kumuvuta. M'mabuku onsewo mkazi wabwino ankafa. Wamasiye akamukakamiza kukwatiwanso, ankadziponya m'chitsime. Namwali akangogwidwa dzanja ndi mlendo, ankadzimangirira. Ngakhale uja wochenjera amene anavala zachimuna n'kupambana amuna onse pa mayeso a boma, pamapeto ankavula zaulemuzo n'kukagwada monga mkazi wachiwiri wa munthu amene anamuposa nzeru. Akafa, akuluakulu ankawamangira chipilala cha miyala, ndipo wolemba ankayamikira kwa masamba atatu. Akazi a pabwalopo ankalira, kufwenthera, n'kumapita kukaphika.

Masana ena anafika pa nkhani ya wamasiye wina wa zaka makumi awiri. Anaona ndi maso kuti mizere isanu kutsogoloku kuli chitsime. Pafupi naye panakhala mkazi wa wopala matabwa, amene mwamuna wake anali atangomwalira miyezi iwiri yapitayo, singano ili m'manja koma osasoka. Zhaodi anatembenuza tsamba, nayamba kunena zimene panalibe.

"Atafika pachitsimepo anasuzumira, naona kuti madzi ake ndi oyera bwino. Ndiye anati mumtima, 'Madzi ngati awa ndi abwino kupangira tofu.' Anatunga ndowa ziwiri n'kubwerera kunyumba. M'mawa mwake anagulitsa ndolo zake, nagula mphero yoperera soya wopangira tofuyo."

Akazi anatukula mitu.

"Sanafe?" anafunsa mayi wina.

"Sanafe. Akugulitsa tofu pa doko."

"Nanga chipilala?"

"Adzagula yekha miyala, amangire khitchini."

Woyamba kuseka anali wamasiye wa wopala matabwa uja. Anaseka mpaka misozi, enawo n'kutsatira. Tsiku limenelo anachedwa kukaphika, akukangana ngati tofu angadyetse munthu ndi ana awiri.

Kuyambira apo Zhaodi sanaphenso mkazi aliyense. Wina ankamupezera bwato, wina ankamutumiza kwa mchemwali wake kumapiri, ndipo uja wa mayeso anamusiya ali woweruza milandu mpaka imvi. Zinayenda choncho mpaka nkhaniyo inafika m'makutu mwa a Wenli, mng'ono wa malemu bambo a Shouren. A Wenli anali atalemba mayeso a boma kasanu ndi kawiri osakhoza, ndipo chaka chimene ankati "ulendo uno ndiye ndatha," mfumu yaikulu inathetsa mayesowo. Anatsala ndi mkanjo wautali, ndevu zisanu, ndi mabuku odzaza mutu. Analowa pabwalo masana akazi ali pakati pa nkhani, natsomphola buku m'manja mwa Zhaodi.

"Alamu," anatero kwa a Mayi Kuang, "mukudziwa kuti mpongozi wanuyu amakunamizani? Mkazi uyu anafa kalekale. Onani apa, wadziponya m'chitsime. Tofu ali pati apa?"

A Mayi Kuang anayandikitsa nkhope pa tsambalo, mozondoka, nalavula khoko la nthangala. "Ine ndikungoona nyerere zakufa."

"Ndikukuuzani ine, munthu wophunzira!"

"Wophunzira uti? Uja anabwerako kasanu ndi kawiri chimanjamanja? Alamu, ngati mukufuna afe, chitsime ndi icho, kamukankhireni nokha. Ife tamusiya akugulitsa tofu, ndipo lero tikufuna timve ngati amulole wapabwato womufunsira uja."

Akazi onse anafa nacho chikhakhali. A Wenli anatuluka ndevu zikunjenjemera, akung'ung'udza za kutha kwa dziko. Anthu atabalalika, Zhaodi anagwada kuti apepese.

"Tadzuka iwe," anatero apongozi ake. "Ukuyesa sindinkadziwa? Ndi buku liti linganene kuti tofuyo ankathiramo anyezi wambiri ngati mmene ndimachitira ine?"

Nkhondo yeniyeni ya pakati pa awiriwa inabwera pa mwana. Zhaodi anali ndi mtsikana, Yunxia, ndi anyamata awiri. Yunxia atakwana zaka zisanu ndi chimodzi, agogo ake anatulutsa nsalu zazitali zomangira mapazi, nazichapa, naziyanika pabwalo kuti aliyense aone. Zhaodi sanatsutse. Kwa masana atatu anawerenga nkhani ya mtsikana wa mapazi aakulu amene, madzi atasefukira, anabereka agogo ake onenepa kumsana mpaka pamwamba pa phiri.

"Nthano imeneyi ikundinena ine," anatero a Mayi Kuang tsiku lachitatu. "Ndipo sindine wonenepa choncho. Mawa tikumanga."

M'mawa mwake nsaluzo sizinaoneke. Anafunafuna nyumba yonse. Kenako anazipeza kudimba la kuseri, zitanyikidwa mu utoto, zitadulidwadulidwa, zitamangirira nyemba ku timitengo. Shouren anali chilili pomwepo akuthirira.

"Ndimayesa ndi zotha ntchito, Amayi," anatero osatukula mutu. "Nyembazi zimagwa."

"Nonse awiri ndinu amisala! Akadzasowa mwamuna mudzamukwatira ndinu!"

Anakwiya masiku anayi, osadya nthangala. Koma sanagulenso nsalu zina. Patapita chaka, anali iwo omwewo amene ankaima pa mlatho n'kumauza odutsa kuti, "Mwamuona akuthamangayo? Mdzukulu wanga ameneyo. Anyamata onse amawasiya m'mbuyo." Zhaodi nayenso anamasula mapazi ake. Mafupa opindika sanawongoke, ndipo ankayenda dzandidzandi ngati bakha, koma ankati bakhayo amafika kumsika yekha.

M'chaka cha 1920, m'kachisi wakale wa kumapeto kwa tauni munatsegulidwa sukulu ya atsikana. Mphunzitsi wake, Fang Jingyi, anachokera ku Shanghai. Anali wa zaka makumi awiri ndi ziwiri, tsitsi lodula lofika m'makutu, ndipo ankayenda mwachangu ngati wathawa moto. Yunxia analembetsa tsiku loyamba, ndipo sabata isanathe anabwera naye mphunzitsiyo kunyumba kuti adzamve mayi ake akuwerenga.

Jingyi anamvetsera mwaulemu, koma atatha anati, "Mayi, mabuku akalewa ndi chiphe. Ndi amene anatiphunzitsa kuti mkazi ndi katundu. Ofunika kuwatentha onse. Tawerengani izi." Anamusiyira magazini atatu a ku Shanghai, olembedwa m'chilankhulo chimene anthu amalankhula pamsewu.

Zhaodi anawawerenga onse, ena kawiri. Zambiri zinamukoma kwambiri. Anapeza anthu akulemba poyera zimene iye ankangoziganiza akutsuka mbale: kuti mtsikana aziphunzira, azisankha yekha mwamuna, azikhala ndi ntchito yake. Koma pobweza magaziniwo anali ndi mawu.

"Aphunzitsi, nkhani zake zili bwino. Koma taonani. Mtsikana uyu wakana ukwati, walankhula masamba anayi, kenako wadwala chifuwa, wafa. Uyu wathawira kumzinda, walankhula masamba asanu, wamwa mankhwala. Akale ankafera m'chitsime, atsopanowa akufera pabedi. Kodi olemba anuwa sanaonepo mkazi wamoyo?"

Jingyi anaseka. "Ambiri mwa iwo ndi amuna, Mayi."

"N'chifukwa chake. Ndipo atsikana awo onse ndi ana a anthu olemera. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anatsukapo mphika."

"Ndiye lembani inuyo."

"Ine? Ine ndimangonama pabwalo."

"Kulemba nkhani n'komweko, Mayi. Kungoti mumanamira papepala."

Anailemba miyezi inayi, m'mawa uliwonse akatha kuphika phala la mpunga, pa thebulo lodulira nsalu. Inali nkhani ya mkazi wopalasa bwato amene alamu ake anapangana zomugulitsa kwa munthu wa kutali mwamuna wake atamwalira. Tsiku lodzamutenga, akazi khumi ndi anayi a pa doko anakakhala m'bwato lake ndi zoluka zawo, osasuntha, akuimba, mpaka ogulawo anachita manyazi n'kubwerera. Kuwerenga Zhaodi ankatha, koma kulemba kunali kwina. Chilembo chikamusowa ankaikapo cha mankhwala chomveka mofanana. Jingyi pokonza anagwa pampando ndi kuseka.

"Mayi, mlamu wamkuluyu mwamulemba kuti Muzu Wochotsa Njoka Zam'mimba!"

"Musiyeni choncho. Likumukhala."

Pamwamba pa nkhaniyo sanafune kulembapo Zhaodi. Anati dzinalo linatha ntchito mlongo wake atabadwa. Anadzisankhira lina, Ruan Zixing, kutanthauza woyenda yekha. Jingyi anaitumiza ku magazini ina yaing'ono ya akazi ku Shanghai.

Patapita miyezi iwiri bwato linabweretsa phukusi. Munali magazini, nkhani ija ili pa tsamba lachisanu ndi chinayi, ndi kalata yoyamba ndi mawu akuti "Kwa Bambo Ruan olemekezeka." Mkonzi, a Meng, analemba kuti sanaonepo mwamuna womvetsa mtima wa akazi ngati Bambo Ruan, ndipo adzabwera okha kudzawaona. Zhaodi anawerenga kalatayo pabwalo, akazi akugubuduka. A Mayi Kuang analamula kuti wina asayerekeze kuwayankha a Mengwo. "Abwere. Ndikufuna ndidzaone nkhope yawo."

Anabweradi, nyengo ya nkhanu, atavala suti ndi chipewa cha Azungu, akupukuta thukuta. Tsikulo a Wenli anali pabwalo, atabwera kudzabwereka tiyi. A Meng ataona mkanjo wautali ndi ndevu, anavula chipewa n'kuwerama mpaka m'chiuno.

"Bambo Ruan! Ndakuzindikirani nthawi yomweyo. Nkhani yanu yatibweretsera makalata makumi atatu. Cholembera chanu ndi cha golide!"

Pa moyo wawo wonse a Wenli anali asanauzidwepo mawu otere. Anaima phee, maso atatseka pang'ono, ngati munthu amene akuwotha dzuwa m'nyengo yozizira. Akazi onse anasiya kusoka. Kenako mkuluyo anapuma mozama, natukula dzanja n'kuloza kukhitchini.

"Pepani, bambo. Bambo Ruan ndi awo akubwera ndi nkhanuwo."

Zhaodi anatuluka dzandidzandi, manja a malaya atapinda, dengu la nkhanu zotentha lili m'manja. A Meng anayang'ana iye, nayang'ana a Wenli, nayang'ananso iye. Nkhope inafiira mpaka m'makutu.

"Takulandirani," anatero Zhaodi. "Mundikhululukire, ndevu ndinaiwala kumera."

Bwalo lonse linaphulika. A Meng nawonso anaseka, nawerama kachiwiri, ulendo uno kwa woyenera. A Mayi Kuang anawakoka dzanja n'kuwakhazika pampando wabwino. "Ndinamutulukira ndine ameneyu," anawauza. "Ndinamupeza akulankhula ndi nsomba. Idyani, idyani, mwawonda ngati burashi lolembera."

Anadya nkhanu mpaka dzuwa kupendeka, akumwera vinyo wa mpunga wofunditsa. Wamasiye wa wopala matabwa uja, amene tsopano anali ndi kasitolo ka ulusi, anawafotokozera a Meng zolakwa zonse za magazini yawo, iwo akulemba m'kabuku. A Meng atapempha nkhani zina, Zhaodi anavomera, koma anati pamwamba pake azilembapo kuti wolemba ndi mayi wa ana atatu wa ku Lingtang, kuti mkazi wina akaona adziwe kuti n'zotheka. Mlendo atapita, Shouren anatenga magazini ija, naikulunga m'nsalu ya silika yabwino koposa imene anali nayo, n'kufunsa chapansipansi kuti, "Amake Yunxia, dzina lako ndi liti pamenepa? Undilozere." Atamulozera, analiyang'ana nthawi yaitali.

Zhaodi analemba nkhani khumi ndi imodzi magaziniyo isanatsekedwe. Sanatchuke kupitirira owerenga ake ochepawo, ndipo sizinamudandaulitse. Amene ankamukopera nkhanizo mwaukhondo anali a Wenli, poti dzanja lawo linali lokongola kuposa la wina aliyense m'tauniyo. Ankakangana pa chiganizo chilichonse, iwo akuti mawu ake ndi a pamsika, iye akuti n'komwe kuli anthu. Yunxia anakaphunzira uzamba ku Shanghai, nakwatiwa ndi mnyamata amene anamusankha yekha, wokonza mawotchi, ndipo agogo ake anavina pa ukwatiwo mpaka kuwagwira kuti angagwe.

Ali ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi zitatu, Zhaodi anapita koyamba ku Shanghai ndi mwamuna wake kukaona mdzukulu. Nyumba zazitali sizinamudabwitse kwenikweni. Chimene chinamugwira mtima ndi sitima ya magetsi yoyenda pakati pa msewu, yodzaza atsikana opita kuntchito, aliyense ndi kachikwama kake, akukankhana ndi amuna pakhomo mopanda mantha. Anakwera, nakhala pawindo, napita nayo mpaka kumapeto. Itatembenuka anakana kutsika. Anabwerera nayo, napitanso, akucheza ndi aliyense wokhala pafupi: uyu amagwira ku fakitale ya ulusi, uyu amalumikiza matelefoni, uyu akuphunzira za malamulo. Ulendo wachitatu Shouren anali atagwira pamimba, nkhope itatuwa.

"Amake Yunxia, chonde, titsike. Mwana akutidikira."

"Kamodzi kokha, bambo ake. Uyu sanamalize kundiuza mmene anamuyankhira bwana wake."

Anafika kwa Yunxia mpunga utazizira, Zhaodi chipewa chili pambali, akulankhula asanalowe n'komwe m'nyumba.